Kabuku ka Miyeso

M'kabuku kanga ka miyeso
dzina lako lili patsamba loyamba, Asiyatu.
Unabwera pakhonde langa ku Mpondabwino
ndi nsalu ya maluwa a nyemba
kuti ndikusokere diresi la pa Idi.
Chiuno, mainchi makumi atatu ndi awiri.
Tepi inanjenjemera m'manja mwanga, iwe n'kuseka.

Dzana chaka chija anakudula bere lakumanzere.
Ndinasoka kathumba ka thonje,
n'kukabisa m'kati mwa bulauzi,
msika wonse palibe anadziwa.
Tinati yatha.
Tinayambanso kukangana za mtengo wa makala.

Lachiwiri lija, kuchipatala chachikulu cha Zomba,
dokotala wamng'ono ngati mwana wathu Ndamilwe
anakupaka mafuta ozizira pamimba,
n'kuyendetsapo kachipangizo ngati simbi yopanda moto.
Pakanema panaoneka timadontho totuwa,
mabatani omwazika pansalu yakuda.
Ndinawerenga mpaka asanu, kenako ndinaleka.

"Si matenda atsopano," anatero.
"Ndi khansa ya m'bere yomwe ija.
Yangosamuka, yakamanga kuchiwindi."
Ine ndinafunsa funso la telala:
kodi sitingadulenso, n'kusoka?
Anayang'ana pawindo,
kumene phiri linali litafunda nkhungu mpaka m'khosi.
Unamuthandiza ndiwe:
"Lendi wosamva ameneyu.
Tamutulutsa kuchipinda, wakagona kukhitchini."

Masiku ano usiku ndimasomola
zomwe ndinasoka ndekha.
Mapewa ndichepetse,
mikono ndichepetse kawiri,
khosi lakula lokha popanda lumo.
Koma pamimba ndiwonjezere nsalu,
poti madzi adzaza, khungu lati nyezinyezi.
Palibe anandiphunzitsa kusokera thupi
lomwe likupita kuwiri nthawi imodzi.

Mumibasi ya ku Chinamwali
mayi wina anakusunthira, n'kuloza mimba:
"Miyezi ingati, asisi?"
Iwe unati, "Akuti mwina itatu."
Iye anati Mulungu akudalitseni.
Tinatsika pasiteji isanafike yathu.

Maso ako asanduka duwa la dzungu.
Umadzikanda ndi chipeso mpaka mbandakucha,
msana wonse mizeremizere ngati choko changa.
Botolo la mankhwala obiriwira aja
ndimaliyeza maola anayi alionse,
kukweza sirinji patsogolo pa nyali.
Dzanja lomwe silinaphonye bowo la singano
tsopano limataya dontho.

Achimwene ako akuti ku Jali kuli munthu wa mizu,
angofuna mbuzi ziwiri ndi ndalama ya phazi.
Ndinapukuta makina kuti ndikaagulitse.
Unandipeza ndili ndi kansanza m'manja.
"Ukagulitsa amenewo, Ndamilwe akalemba mayeso ndi chiyani?"
Ndinaabwezera pakona.

Loweruka unalakalaka masitiroberi.
Ndinakwera njinga yamoto mpaka Ku Chawe,
kudutsa amayi osenza nkhuni zotalika kuposa moyo wawo,
ndinagula mbale yonse osanenerera.
Unadya awiri.
Lachitatu unalisunga m'manja mpaka linasungunuka,
unati fungo lokha likukwana.

Dzulo, mvula ikugogoda malata,
Likangala akumveka kutsidya ngati makina akutali,
unandiitana ndi dzina langa lenileni,
lomwe sunalitchule chikwatiranireni.
"Ajusa, nsalu yotsiriza ija sifuna telala.
Amangoing'amba, yoyera, yopanda msoko.
Tsiku limenelo udzapume."

Sindinayankhe.
Ndinadikira mpaka mpweya wako utatalika,
ndinatsegula sutikesi ya pansi pa bedi,
n'kutulutsa nsalu ndinagula mobisa mwezi watha,
ya maluwa a nyemba, kapena ofanana nawo.
Idi ili kutali, miyezi isanu.
Ndatsegula kabuku patsamba loyamba,
pensulo ili kukhutu, tepi ili m'khosi,
muyeso wa mwezi umenewo sindikuudziwa.
Ndadula ndithu.
M'mbali zonse ndasiya nsalu yambiri,
yoti tidzachepetse, kapena kuwonjezera,
ukadzayesa.